Kalongonda wa Pamwala

Zaka khumi ndi chimodzi ndinagwira ntchito pansi pa mapazi a a Kaliati, ndipo sindikuphiphiritsa ayi. Tinali ocheka matabwa a mkungudza m'phiri la Mulanje, mbali yathu ino ya Phalombe. Sowo wamkulu amafuna anthu awiri: wina amaima pamwamba pa chipika, wina m'dzenje. Iwo anali apamwamba, ine Thomson wa kwa Chiwalo ndinali wam'dzenje. Utuchi wonse wa zaka zimenezo unkayamba wadzera m'maso mwanga usanafike pansi. Choncho ndikamanena za munthu ameneyu mundikhulupirire, ndinamudziwa kuyambira ku zidendene.

Anali wamfupi, wa mapewa otambalala, ndipo ankayenda ngati nthawi zonse akutsika chitunda. Anabadwira kwa Apwitikizi, nabwera kuno ali kumsana kwa mayi awo pothawa ntchito yokakamiza. Chinyanja chawo chinkakwera ndi kutsika Chilomwelomwe mpaka tsiku la imfa yawo. Kuwerenga sankadziwa, koma akamenya chingwe choviika m'makala pa chipika, mzere wake unkawongoka moti kapitawo ankangobweza rula m'thumba. Mowa sankamwa. Ku tchalitchi ankaimba mokweza ndiponso moipa kwambiri, ndipo akazi awo, a Fanny, anatopa n'kuwatsina. Anali ndi kamunda ka chinangwa m'mbali mwa mtsinje, ndi kalongonda woyanga m'mitengo ya m'malire. Kupatula zimenezi panalibe choti n'kuwasiyanitsa ndi ocheka ena, kungochotsapo pakamwa pawo.

A Kaliati ankadziwa kuopseza anthu ndi nkhani dzuwa lili paliwombo. Ife tinkapuma masana, ndipo nthawi yawo inali imeneyo. Amuna akuluakulu, osenza matabwa a mkungudza kutsika nawo m'matanthwe opanda nsapato, ankaiwala mbatata pamoto. Ine chinkandidabwitsa chimenechi. Nkhani zomwezo ndikakazinena kunyumba, mkazi wanga ankayasamula n'kundifunsa ngati ndatseka khola la nkhuku. Ndinkafunitsitsa kudziwa kuti iwowo amathiramo chiyani.

Kuti mumve bwino, ndiyambe ndakuuzani za Wyson. Ameneyu anali wosenza matabwa wochokera kwa Jenala, wamtali, woseka msanga, ndipo uchi ankaukonda kuposa nzeru zake. Mwezi wa Okutobala, chaka cha 1942, anakafula njuchi m'phanga la mtengo, muuni n'kuusiya pa udzu wouma. Moto unathamanga masiku awiri ndipo unapsereza mikungudza yambiri. Kapitawo atafunsa, Wyson anati anaona a Kaliati akudutsa kumeneko ndi chikuni. A Kaliati anamangidwa miyezi isanu ndi umodzi. Mwezi wachinayi mayi awo anamwalira, mayi omwe aja anawabereka kuwoloka nawo malire, ndipo anaikidwa mwana wawo palibe.

Tonse tinkadziwa amene anayatsa moto, poti manja a Wyson anali otupa ndi mbola tsiku limenelo. Inenso ndinadziwa, ndipo ndinakhala chete poopa ntchito yanga. Zimandichititsa manyazi mpaka lero.

Atatuluka, tinkayembekeza nkhwangwa. M'mawa wa tsiku loyamba analunjika pamene panali Wyson. Anatambasula manja onse awiri.

"Moseliwa, achimwene? Mwadzuka bwanji? Nanga ana kunyumba?"

Wyson anayankha ndi mawu osamveka. A Kaliati anamuthandiza kusenza thabwa, namukonzera nkhata pamutu, kenaka anabwera kudzanola sowo ngati dzulo lomwe anali nafe.

Patapita sabata ziwiri kunagwa chiperoni. Nkhungu inatseka phiri moti sunkaona mnzako wotalikira mapazi khumi, ndipo ntchito inaima. Tinaunjikana pansi pa thanthwe, anthu khumi ndi awiri, Wyson ali pomwepo. Wina anati, "A Kaliati, tatiuzani kanthu, nthawi ipite."

Anayamba akupala tupa, chonolera sowo, ndi kamtengo, osayang'ana munthu.

"Munthu amene ndikuti ndikuuzeniyu anapha mnzake. Ndayambira kumapeto kuti musavutike n'kufunsa. Mnzakeyo anamulakwira chinthu chachikulu. Chinthucho sindichitchula, aliyense aikepo chake."

Anapitiriza kuti wolakwiridwayo sanakalipe. Denga la mnzake litadontha, anakamufolerera. Mwana wa mnzake atadwala, anakamufunira mankhwala. Chaka chinatha, china n'kutha, iye akungomwetulira. Apa a Kaliati anachedwapo kwambiri. Anatiuza za udzu wa dengalo, za luzi, za mmene awiriwo ankagawirana fodya ali pamwamba. Ife tinkadziwa kale kuti wina apha mnzake, ndiye luzi lililonse limene ankamanga tinkaliona ngati la pakhosi.

Tsono pali mwambo wa m'phirimo umene aliyense wa kuno amaudziwa. Ukapeza chakudya chokonzedwa bwino panjira, pamalo popanda munthu, n'cha eni phiri, akupatsa iweyo. Sufunsa, suitana mnzako, sutengako kupita nacho kunyumba. Umadya wekha mwakachetechete n'kumapita. Ndipo aliyense wa kuno amadziwanso kalongonda, nyemba zathu zija zofuna kuwiritsa tsiku lonse, kutaya madzi, kuthira ena, kutayanso. Ukachita changu n'kuphula zisanathe ululu, mutu umazungulira, maso amaona zinthu ziwiriziwiri, miyendo imasiya kukumvera.

"Ndiye tsiku lina," anatero a Kaliati, "munthu uja anaphika kalongonda. Madzi anataya kamodzi kokha. Anathira mchere wabwino. Anadula tsamba la nthochi, nalitsuka mbali zonse ziwiri. Anakwera m'phiri tsiku la nkhungu ngati lero, nayala tsambalo pamwala wosalala, pamene njira imapita m'mphepete mwa phompho. Kenaka anakakhala kuseri kwa mtengo."

Anasiya pomwepo. Anaika tupa pansi, natenga mbatata pamoto, nayamba kusenda pang'onopang'ono. Tinkangomva madontho akugwa kuchokera m'mphepete mwa thanthwe. Munthu wina, Lekani dzina lake, analephera kupirira.

"Ndiye anabwera?"

"Anabwera. Anaona chakudya. Anasangalala, nati eni phiri andikumbuka. Anayang'ana uku ndi uku, osati chifukwa choopa, koma kuti wina angamuone n'kumupempha. Anadya yekha. Sanaitane munthu, poti mwambo suloleza. Anapinda tsamba bwinobwino. Atayenda mapazi makumi awiri, njira inasanduka ziwiri. Anaima. Ndiye m'nkhungumo anamva mawu amene ankawadziwa, mawu a mnzake wokoma mtima uja amene anamufolerera denga. Mawuwo anati, 'Achimwene, mwasochera? Bwerani kuno. Kuno, kuno.' Iye anathokoza Mulungu, natsata mawuwo."

A Kaliati anadya mbatata yawo. Tinadikira, koma nkhani inali itathera pomwepo. Za kugwa sananene, za kukuwa sananene. Nditacheuka ndinaona Wyson atagwira mbatata imene sanailume n'komwe.

M'mawa mwake, sowo akukwera ndi kutsika, ndinawafunsa ndili m'dzenje muja.

"A Kaliati, bwanji munayamba n'kutiuza kuti amupha? Si kuwononga nkhani kumeneko?"

"Koka sowo, iwe, ukupotoza thabwa." Tinacheka pang'ono, kenaka anati, "Amati chakudza sichiimba ng'oma. Chimenecho chimangodzidzimutsa, mawa waiwala. Koma ukafuna munthu aope, imba ng'oma kaye, kenaka chakudzacho chichedwe."

Masiku ena ndinkafunsa zina, iwo n'kumayankha akafuna. Ndinafunsa chifukwa chake wakuphayo anali waulemu chotero. Anati munthu wolusa umamuona n'kuthawa, koma wokupatsa moni ndi manja awiri ungamuthawire kuti? Ndinafunsa za tsamba la nthochi, kuti kulitsuka mbali zonse ziwiri kunali ndi ntchito yanji m'nkhani. Anaseka. Anati ukanena kuti munthu anali woipa mtima, anthu amangogwedeza mutu, koma ukawaonetsa akutsuka tsamba mosamala chonchija, amamuona ndi maso awo. Za kusenda mbatata pakati pa nkhani anakana kuti sichinali dala, anati anali ndi njala basi. Limenelo linali bodza, chifukwa nthawi iliyonse ankaima pamalo omwewo, kaya pali mbatata kaya palibe.

"Nanga kugwa kuja bwanji simukunena?"

"Ndikanena ine, agwa kamodzi. Ndikasiya, aliyense akamugwetsa yekha popita kwawo."

Ndinayesa zonsezi kunyumba. Ndinayambira kumapeto, ndinatsuka tsamba, ndinaima pakati. Mkazi wanga anapezerapo mpata pa kuimako n'kupita kukatunga madzi.

Nkhani ya kalongonda inatchuka. Osenza atsopano akabwera, ankaipempha tsiku loyamba lomwe. A Kaliati ankainena kawiri kapena katatu pachaka, ndipo sanatchulepo dzina la munthu, sanayang'anepo kumene kunali Wyson. M'mawa uliwonse moni unali womwewo wa manja awiri. Wyson kuseka kunatha. Anagula kachitini kakekake, n'kumaphika payekha, chakudya cha mnzake osalandira ngakhale chinangwa chootcha pamaso pake. Kukagwa nkhungu ankakhala pansi pomwe yamupezerapo mpaka itachoka, ndipo munthu akamuitana m'nkhungumo sankayankha. Ntchito sakanaisiya, anali ndi ana anayi ndipo kwa Jenala kunalibe kwina kogwira.

Tsiku lina ndinalimba mtima. "A Kaliati, kodi Wyson mudzamuchita liti?"

"Dzanja langa ndi la sowo, Thomson. Ine sindingaphe ngakhale mbuzi, amapha ndi a Fanny."

"Ndiye basi mwamukhululukira?"

"Mlandu suwola," anatero, namenya chingwe pa chipika.

Ndiulule kuti ine zinkandikomera. Ndinkaona ngati chilungamo chikuchitika popanda ine kutsegula pakamwa, ndipo zinkandipeputsa manyazi anga aja. Zinayenda choncho zaka zisanu ndi ziwiri.

Kenaka inafika njala ya 1949. Mvula inadula chimanga chisanamasule, ndipo pofika kumapeto kwa chaka anthu ankakumba mizu. Kuntchito phoso linachepa, kaufa kongokwana m'manja awiri. Wyson lake lonse ankalimanga m'kansalu n'kutsika nalo kwa ana Loweruka. Iye ankadya zimene watola m'thengo. Mapazi anayamba kutupa, khosi linatalika, nkhata inkaoneka yaikulu kuposa mutu. Tsiku lina thabwa linamugwetsa pamalo osalala popanda n'mwala womwe, ndipo anatenga nthawi kuti adzuke. Lekani anamupatsa chinangwa, iye anapukusa mutu.

A Kaliati anaona zimenezi ali pamwamba pa chipika. Sowo anaima.

"Munthu uja afa," anatero motsitsa mawu.

"Si zimene munkafuna?" ndinatero ine, ndipo ndikuvomera kuti ndinayankha mwachipongwe.

"Ndinkafuna aope. Sindinafune afe."

Kwawo kunali kutatsala kachakudya. Chinangwa cha kumtsinje akuba anasiyako pang'ono, ndipo a Fanny anali atasunga kalongonda wa chaka chatha m'mtsuko. Koma akanamupatsa bwanji munthu wosalandira kanthu m'manja mwa wina aliyense? Zimene anaganiza sanandiuze. Ndinazitulukira ndekha patapita masiku awiri, pamene ndinawatsatira m'mamawa nditaona akupatuka ndi kaphukusi. Ndinawapeza pa njira ya osenza matabwa, atagwada pa mwala wosalala, akuyala tsamba la nthochi. Pambali panali tsamba ladzulo, chakudya chake chili chonchobe, nyerere zitachizinga.

"A Kaliati! Mukuchita chiyani?"

"Cha m'manja mwa munthu amakana. Cha eni phiri sangakane, mwambo suloleza. Adya yekha, sathokoza munthu, sachita manyazi. A Fanny aphika tsiku lonse, madzi ataya kasanu."

"Kalongonda? Pa tsamba la nthochi? Pamwala?"

Anandiyang'ana ngati ndikulankhula Chimwenye. "Nanga ndili n'chiyani china? Ija ndi nkhani chabe, Thomson. Ndinaipeka ndili m'ndende. Munthu wa njala angakumbuke nkhani?"

Apa m'pamene ndinamvetsa chinthu chimene zaka zonsezo sindinachione. Mwa ife tonse, munthu mmodzi yekha amene nkhani ija sinamuopsepo anali mwini wake. Iye ankadziwa pamene anailumikiza, ngati mmene telala amadziwira msoko wa malaya. Ankadziwa kuti imaluma, koma kuti imaluma mpaka pati sankadziwa, poti sanakhalepo kumbali yomvera.

"Dzulo anafika apa," ndinawauza, pakuti mapazi otupa aja anali atadinda m'matope. "Onani. Anaima, kenaka analambalala."

A Kaliati anakhala pansi. Anakhala nthawi yaitali akuyang'ana mapaziwo. Kenaka anati sitipita kukacheka, tidikira pomwepo, ndipo sitibisala.

Dzuwa litakwera ndithu, Wyson anatulukira ndi thabwa pamutu, akuponda mwapang'onopang'ono. Ataona mwala, tsamba, ndi a Kaliati atakhala pambali pake, anaima chilili. A Kaliati anatapa kalongonda, nadya iye akuona, natapanso. Kenaka anachita chimene munthu sachita m'phirimo, anaitana mnzake pa chakudya cha pamwala.

"Achimwene, tulani thabwalo. Si cha eni phiri ichi, n'changa. Bwerani kuno."

Mawu awiri omalizawo ine ndinawazindikira pomwepo. Iwo sanazindikire n'komwe kuti ndi mawu a m'nkhani ija.

Ndinathandiza Wyson kutula thabwa. Sanandiyang'ane. Anapita pamwala, nakhala pansi, nasamba m'manja ndi madzi a m'chigubu changa. Anadya. Sanadye mwaphuma ngati munthu wa njala, anadya mwaulemu, mpaka tsamba linayera. A Kaliati nkhope inamasuka, anandiyang'ana ngati akuti waona, ndinakuuza.

Wyson anapinda tsamba bwinobwino. Anamasula kansalu ka phoso m'chiuno, natulutsanso mpeni wake wofulira njuchi, nazipereka kwa ine.

"A Thomson, ufawu mukapereke kwa mayi a ana kwa Jenala. Mpeniwu ndi wa mwana wanga wamkulu." Kenaka anatembenuka. "A Kaliati, moto uja ndinayatsa ndine. Mukudziwa kale. Mayi anu ndinawaika ndine m'manda inu kulibe, dothi ndinathira nawo ndi manja angawa." Anapuma pang'ono. "Ndatopa n'kudikira. Tangondiuzani, zimatenga nthawi yaitali bwanji kuti mutu uyambe kuzungulira?"

A Kaliati analoza tsamba lija.

"Achimwene, inenso ndadya. Mwaona nokha."

"Mwadya mbali yanu," anatero Wyson mofatsa, wopanda mkwiyo. "Palibe kanthu. Chokhacho, musandiitanire kuphompho. Ndifere pompano, ana akapeze mtembo."

A Kaliati analira. Sindinawaonepo akulira, ngakhale tsiku limene anakaona manda a mayi awo. Anagwira mapazi otupa a Wyson, akungobwereza kuti madzi anataya kasanu, a Fanny anataya kasanu. Inenso ndinalira, ndipo chisoni changa chinali chosakanikira ndi manyazi, chifukwa zaka zisanu ndi ziwiri ndinkaombera m'manja nkhani imeneyi.

Tinakhala pamwalapo atatu mpaka dzuwa linapendeka. Panalibe mawu amene akanamutsimikizira Wyson, kunali kungodikira naye basi. Nthawi ndi nthawi ankatambasula dzanja n'kumayang'ana zala zake ngati zikuoneka ziwiriziwiri. Mthunzi utafika pa thabwa lija, anapempha mpeni wake.

Wyson anapulumuka njala ija. Masiku onse otsala a chaka chimenecho ankadya m'mbale imodzi ndi a Kaliati, ngakhale kuti kuseka kwake kwakale sikunabwerere. Ine ndi a Kaliati tinachekabe limodzi mpaka 1953, pamene msana unawakana, ndipo anatsikira ku kamunda kawo ka chinangwa komwe anamwalirira patapita zaka zisanu. Nkhani zina ankanenabe, za afisi ndi za alenje, koma zinali zozizira, ndipo sankaimanso pakati.

Chaka chawo chomaliza m'phiri kunabwera osenza atsopano ochokera kwa Jenala. Kutagwa chiperoni, mmodzi anati, "A Kaliati, timamva kuti muli ndi nkhani ya kalongonda. Tatiuzani."

A Kaliati anayang'ana Wyson, koyamba pa zaka zonsezo pa nkhani imeneyi.

"Ndinaiwala," anatero. "Munthu wake anafoleradi denga la mnzake. Zotsatira zake sindikuzikumbuka."